Kuyesa Galimoto Yokwezedwa pa Jeke Popanda Kuika Moyo Pachiswe

Mlimi aliyense amene amagulitsa zokolola zake mu Lusaka amadziwa kuti galimoto ndi gawo la munda. Tomato wothyoledwa madzulo ayenera kufika ku msika wa Soweto mbandakucha, ndipo makasitomala a ku Woodlands ndi ku Kabulonga amayembekezera mazira ndi nkhuku zawo pa tsiku limene munapangana. N'chifukwa chake galimoto ikayamba kulira kumbuyo, kapena kunjenjemera ikafika pa liwiro, mlimi sachedwa kupita nayo kwa makaniko. Kumeneko nthawi zambiri makaniko amakweza galimotoyo pa jeke, n'kuuza mwini wake kuti alowe, alize injini ndi kuika giya, pamene iye akuwerama kapena kugona pansi kuti amve kumene phokosolo likuchokera.

Pa mphindi zochepa zimenezo moyo wa munthu wina umakhala m'manja mwa iye amene wakhala pa chiwongolero, ndipo ambiri a ife timakhalapo osadziwa zimene zingachitike. Ena mwa inu mumakonza nokha magalimoto ndi mathalakitala pa famu, ena mumathandiza makaniko m'magalaja ang'onoang'ono a kuseri kwa nyumba ku Kabwata kapena ku Chelstone. Nonsenu tikufuna kukufotokozerani chimene chimagwetsa galimoto yokwezedwa, chimene chimaiyendetsa mosayembekezereka, ndi dongosolo limene liyenera kutsatidwa munthu asanalowetse mutu wake pansi pa chitsulo.

Ntchito ya jeke ndi kukweza basi

Galimoto ya mtundu wa Toyota Hilux imalemera pafupifupi matani awiri isanasenze kanthu. Lole yaing'ono monga Mitsubishi Canter imaposa pamenepo. Jeke ya mafuta imanyamula kulemera konseku chifukwa mafuta akapanikizidwa m'chubu chaching'ono amakankha chitsulo cha m'chubu chachikulu ndi mphamvu yochuluka, monga momwe Blaise Pascal wa ku France anafotokozera m'zaka za m'ma 1600. Koma chimene chimasunga mafutawo m'malo mwake ndi kalabala kakang'ono ndi kavalavu kamodzi. Kalabalako kakatha, kapena kamchenga kakalowa mu valavu, galimoto imatsika, nthawi zina pang'onopang'ono, nthawi zina kamodzin'kamodzi. Jeke siichenjeza. Akuluakulu anati tsoka silinunkha.

Jeke yamapanda imene imabwera ndi galimoto inapangidwira kusintha tayala pamsewu, munthu ali pambali pa galimoto. Jeke ya botolo ndi yamphamvu, koma phazi lake ndi laling'ono ndipo mutu wake ndi wochepa ngati ndalama yachitsulo, kotero kuti kugwedezeka pang'ono kumaipendamitsa. Jeke ya magudumu imene mumaiona m'magalaja nayo ili ndi khalidwe lake: pamene ikukweza, mkono wake umayenda mokhota, motero jekeyo iyenera kusuntha pang'ono pa magudumu ake. Pa simenti yosalala imasuntha bwino. Pa dothi kapena pa miyala magudumuwo amakanirira, ndipo m'malo mwake mutu wa jeke ndiwo umatsetsereka pa chitsulo cha galimoto.

Lamulo loyamba likuchokera pamenepa. Galimoto ikakwera, itsitsireni pa masitandi achitsulo, ndipo kulemera kwake kukhale pa masitandiwo, osati pa jeke. Werengani nambala yolembedwa pa sitandi, podziwa kuti masitandi ambiri amalembedwa kulemera kumene awiri angathe kunyamula pamodzi. Pini ya sitandi ikatayika musaikepo msomali kapena bawuti imene mwatola, pakuti pini yeniyeni ndi ya chitsulo cholimba chimene chinayesedwa. Masitandi aikidwe pansi pa chasisi kapena pansi pa ekiselo, pamalo amene buku la galimoto likusonyeza, osati pa thanki, pa paipi ya utsi kapena pa malata a pansi amene dzimbiri lawadya.

Kumene kulibe masitandi, zipika za mtengo wouma ndi wolimba, zochekedwa bwino mbali zonse, zimagwira ntchito. Zisanjidwe mopingasana, zazikulu pansi, kuti phazi likhale lotambalala. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi. Mtengo ukalemedwa umayamba kulira ndi kuphwanyika pang'onopang'ono, pamene buloko imasweka nthawi imodzi ngati mbale yadothi. Tayala limene mwachotsa ligonekeni pansi pa chasisi, kuti zonse zikalephera galimoto igwere pa ilo.

Nthaka ndi zotchingira matayala

Sitandi yabwino pa nthaka yoipa ndi yopanda pake. Kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo mabwalo ambiri a mu Lusaka amakhala ofewa ndi mvula, ndipo phazi limodzi la sitandi likhoza kumira m'dothi pamene enawo ali pouma. M'mwezi wa Okutobala phula la pamsewu limafewa ndi dzuwa, ndipo phazi la jeke limalowamo. Sankhani malo osatsetsereka ndi olimba. Ngati simenti palibe, yalani thabwa lochindikala ndi lalikulu pansi pa jeke ndi pansi pa sitandi iliyonse. Tsitsani katundu yense musanakweze, chifukwa makireti a tomato kapena matumba a feteleza akasunthira mbali imodzi amapendamitsa galimoto.

Matayala amene atsala pansi atchingidwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ambiri amakoka handibuleki n'kuganiza kuti zatha, koma pa magalimoto ochuluka handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha. Mukakweza kumbuyo, matayala ogwidwawo ali m'mwamba, ndipo akutsogolo alibe chowaletsa kugudubuzika. Pa malole ang'onoang'ono ambiri ndi pa Land Rover Defender handibuleki siigwira matayala ayi, imagwira shafiti yochokera ku giyabokosi. Pa galimoto zotere kukweza tayala limodzi lakumbuyo, kapena kumasula shafitiyo, kumachotseratu mphamvu ya handibuleki. Chimodzimodzinso ndi giya ya P pa magalimoto a otomatiki amene adzaza m'misewu yathu: imatseka mkati mwa giyabokosi, ndipo tayala limodzi loyendetsa likachoka pansi galimoto ikhoza kugudubuzika.

Manati a tayala amasulidwe pang'ono galimoto ikadali pansi, ndipo amangidwe komaliza itabwerera pansi. Kukoka sipanala yaitali ndi mphamvu zonse galimoto ili m'mwamba ndi njira yachidule yoigwetsera. Mukatha kuika masitandi, imani pambali, gwirani galimotoyo ndi manja awiri ndi kuigwedeza mwamphamvu. Ngati iti igwe, igwe pamenepo, pansi pake palibe munthu.

Difu ndi zimene imachita injini ikalira

Pakati pa matayala awiri oyendetsa pali difu. Ntchito yake ndi kulola tayala lakunja kuzungulira mofulumira kuposa lamkati pamene galimoto ikukhota. Difu wamba imagawa liwiro motere: tayala limodzi likachepetsa, linzake limaonjezera ndi muyeso womwewo. Tsono tayala limodzi likakhala pansi osazungulira, lokwezedwalo limazungulira kuwirikiza kawiri liwiro limene wotchi ya galimoto ikusonyeza. Woyendetsa akaona makilomita 40 pa ola, tayalalo likuthamanga ngati pa 80. Akaponda moto mpaka pa 70, lafika pa 140. Pa liwiro lotero timiyala tokanirira m'mizere ya tayala timauluka ngati tochoka pa legeni, tayala lakale likhoza kuphulika, ndipo magiya ang'onoang'ono a mkati mwa difu amatentha ndi kuonongeka.

Choopsa choposa ndi chakuti si difu iliyonse imene imalola tayala limodzi kuzungulira lokha. Magalimoto ambiri a kumunda ali ndi difu yogwira, imene imatumiza mphamvu ku tayala limene lili pansi linzake likayamba kuterereka. Ena ali ndi batani lotsekera difu. Magalimoto atsopano amamanga okha buleki pa tayala limene likuzungulira pachabe, ndipo mphamvu imasamukira ku linzake. Zonsezi ndi zabwino m'matope a ku Chongwe, koma pa jeke zimachititsa kuti tayala la pansi likankhe galimoto kutsogolo ndi kuitsitsa pa zochirikizira zake. Galimoto yoyendera matayala onse anayi ili ndi ngozi yomweyo: mukakweza kumbuyo kokha chogwirira cha matayala anayi chili cholumikizidwa, akutsogolo amakoka galimoto yonse. Ndipo pali magalimoto ena amene matayala ake anayi ndi olumikizidwa nthawi zonse, opanda chogwirira chowalekanitsa.

Lamulo lachiwiri ndi ili: injini isalizidwe ndi giya pokhapokha tayala lililonse limene lingalandire mphamvu ya injini lili m'mwamba, pa masitandi. Ngati simukudziwa mtundu wa difu kapena kalumikizidwe ka galimoto yanu, ikwezeni yonse pa masitandi anayi, kapena musaiyese motero.

Yambani ndi manja ndi makutu

Mavuto ambiri amapezeka injini ili chete, ndipo mlimi wodziwa izi amapulumutsa ndalama ndi moyo womwe. Galimoto ili pa masitandi, kiyi ali m'thumba, zungulizani tayala ndi dzanja. Belingi yotha imalira ngati mphero, ndipo mukagwira sipulingi kapena ekiselo mumamva kunjenjemera m'zala. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze: likamasewera, kayikirani belingi kapena mfundo za m'munsi. Ligwireni kumanzere ndi kumanja: likamasewera, yang'anani ndodo za chiwongolero. Tayala limene likukana kuzungulira likusonyeza buleki yogwira. Shafiti nayo igwedezeni ndi dzanja kuti muone ngati mitanda yake yatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene palibe njira ina koma kuliza injini, dongosolo likhale ili. Masitandi aikidwe pansi pa ekiselo kumene kuli kotheka, kuti matayala asalendewere, chifukwa akalendewera shafiti imazungulira itapindika koposa muyeso ndipo imagwedeza galimoto. Munthu wodziwa kuyendetsa akhale pa chiwongolero nthawi yonse, phazi lili pafupi ndi buleki, windo lili lotsegula, wailesi ndi foni zili zozima. Alowe ndi kutseka chitseko mofatsa. Asanalize injini, awiriwo apangane zizindikiro za manja, makamaka cha kuzimitsa, pakuti mawu samveka injini ikulira. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kusakhale munthu, ndiponso wina asaime molunjika ndi tayala lozungulira. Ana ndi oonerera achotsedwe pabwalo.

Liwiro likhale lochepa ndipo likwere pang'onopang'ono. Musasiye kilachi modzidzimutsa, musaponde buleki mwamphamvu, ndipo musaike giya ya P kapena ya m'mbuyo matayala asanaime, chifukwa kuima kwadzidzidzi kwa matayala olemera kumakankha galimoto pa masitandi. Ngati tayala lachotsedwa, bwezerani manati angapo pa dilamu ya buleki kuti isavuke ndi kuuluka. Choposa zonse, matayala ndi shafiti zikuzungulira, pansi pa galimoto yokhala pa masitandi pasagone munthu. Makaniko amvetsere ali pambali. Akaumirira kulowa pansi, inu amene muli pa chiwongolero muli ndi ufulu wozimitsa injini ndi kunena mwaulemu kuti, "Pepani bambo, sindiika giya inu muli pansipo."

Zozungulira, zotentha ndi utsi

Shafiti yozungulira ikagwira nsonga ya malaya siisiya. Ovolosi ikhale yomangidwa mabatani, manja ake osalendewera. Mpango, tayi, chitenje, mkanda ndi tsitsi lalitali zikhale kutali ndi lamba wa injini ndi shafiti. Fani yamagetsi ya magalimoto ambiri imatha kuyamba yokha injini ikatentha, ngakhale kiyi atachotsedwa. Paipi ya utsi imaotcha kwa nthawi yaitali injini itazima, ndipo chitsekerero cha rediyeta yotentha sichitsegulidwa. Pofufuza pamene mafuta a hayidiroliki kapena dizilo ikudontha musagwiritse chala: mafuta otuluka pa kabowo ndi mphamvu amaboola khungu n'kulowa m'mnofu, ndipo bala looneka laling'onolo likhoza kudulitsa dzanja. Ikani katoni pamalopo m'malo mwa chala.

Utsi wa injini, makamaka ya petulo, uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira. Suoneka ndipo sununkha. Ukalowa m'mapapo umakanirira ku magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kuwirikiza pafupifupi ka 200, motero thupi limasowa mpweya munthu akupumabe. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Galaja ya pakhomo, monga zija za nyumba za ku Woodlands ndi ku Kabulonga kumene ena mwa inu mumagwira ntchito, imadzaza utsi mofulumira chitseko chikatsekedwa. Injini ilizidwe panja, kapena utsi utulutsidwe kunja ndi paipi. Wina akayamba kumva mutu, zimitsani injini, mumutulutse panja ndi kupita naye kuchipatala.

M'magalaja a makina okwezera ndi a dzenje

Magalaja akuluakulu a m'tauni ali ndi makina a nsanamira ziwiri kapena zinayi okwezera galimoto yonse. Makinawa ali ndi mano achitsulo amene amagwira galimoto ikafika pamwamba, ndipo makaniko wosamala amaitsitsira pa manowo asanalowe pansi. Amayambanso waikweza pang'ono chabe ndi kuigwedeza kuti aone ngati mikono inayi yagwira pamalo ake. Galimoto ya bokosi kumbuyo imalemera kwambiri kutsogolo ikakhala yopanda katundu, ndipo kuchotsa giyabokosi kapena ekiselo kumasuntha kulemerako. Mlimi amene wabweretsa galimoto aime kunja kwa malo ogwirira ntchito mpaka ataitanidwa, ndipo anene zoona za galimoto yake: ngati ili ndi katundu, ngati handibuleki siigwira, ngati imayendera matayala onse anayi.

Dzenje lokonzera galimoto lili ndi ngozi yakeyake. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya, choncho imatsikira m'dzenje ndi kukhala pansi. Ndudu, machesi kapena nyale yagalasi ikasweka, moto umabuka pamalo amene munthu alibe pothawira. Petulo asatsanulidwe pamwamba pa dzenje, ndipo galimoto iimikidwe mosiya mpata wotulukira.

Pa famu pathu

Zonse tanenazi zikukhudzanso thalakitala, ndipo pa iyo pali zina zoonjezera. Ekiselo yakutsogolo ya thalakitala monga Massey Ferguson imapendama pa pini ya pakati, kotero mukachotsa tayala lakumbuyo thalakitala ikhoza kugwera mbali imodzi ngati simunakhomere zipika mbali zonse ziwiri pakati pa ekiseloyo ndi thupi lake. Tayala lakumbuyo lothiridwa madzi limalemera makilogalamu mazana angapo, ndipo munthu mmodzi sangaligwire likayamba kugwa. Pedulo yotsekera difu ikakanirira, thalakitala yokwezedwa tayala limodzi imayenda. Shafiti ya PTO pa liwiro lake la 540 pa mphindi imazungulira kasanu ndi kanayi pa sekondi imodzi, ndipo palibe munthu angachotse dzanja m'nthawi yotero.

Pulawo, halo kapena makina otchetchera okwezedwa ndi hayidiroliki ali ngati galimoto ya pa jeke: chowasunga ndi mafuta okha. Atsitsireni pansi kapena pa zipika musanasinthe mipeni kapena mabawuti. Ngolo yopendama yotsitsira mchenga kapena manyowa ichirikizidwe ndi chitsulo chake cholimba munthu asanalowetse mutu pakati pa bokosi ndi chasisi. Ndipo thalakitala isalizidwe pogunditsa sikuludiraiva pa sitata munthu ataima pansi, chifukwa ngati ili m'giya iye ndiye woyamba kupondedwa ndi tayala lakumbuyo.

Ngozi ikachitika

Musagwire ntchito pansi pa galimoto muli nokha. Pakhale wina pafupi wodziwa kugwiritsa ntchito jeke, ndipo jekeyo ikhale pamalo ofikika pamodzi ndi ndodo yake. Galimoto ikagwera munthu, zimitsani injini, itanani thandizo, tchingani matayala, kwezani mofulumira koma mosamala, ndipo pamene ikukwera wina aziika zipika kuti isagwenso kachiwiri. Musamukoke munthu galimoto ikadamupanikiza. Mukamutulutsa, mutu, khosi ndi msana zikhale zowongoka, ndipo musamupatse madzi kapena chakudya. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala nthawi yomweyo, pakuti nthiti yothyoka ndi kutaya magazi m'kati sizioneka kunja. Amene ali ku Kabwata ndi ku Woodlands ali pafupi ndi chipatala cha UTH, ndipo a ku Chelstone ali pafupi ndi cha Levy Mwanawasa pa msewu wa Great East.

Mu 2010 dziko lathu linakhazikitsa lamulo la Occupational Health and Safety, limene linaika pa wolemba ntchito udindo wosamala umoyo ndi chitetezo cha antchito ake, ndiponso pa wantchito udindo wodzisamala yekha ndi anzake. Ambiri a inu mukatsiriza maphunziro mudzakhala ndi anyamata okuthandizani pa famu, ndipo iwo adzachita zimene adzaona inu mukuchita. Masitandi awiri ndi otsika mtengo kuposa tayala limodzi latsopano, ndipo zipika zinayi zotchingira mungazicheke nokha masana amodzi. Zikhale m'galimoto pamodzi ndi jeke ndi thabwa lake, kuti tsiku limene phokoso lidzayambe pa msewu wopita ku Soweto mudzakhale nazo pafupi, ndipo mudzathe kudikira mphindi khumi zoziika pamalo ake ngakhale tomato akudikira.